Hillbrow: khomo lolowera m'Joni ndi anthu amene amakhalamo

Munthu wochokera ku Malawi akamalowa mu Johannesburg pa basi, atadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, chimodzi mwa zinthu zimene amaziona patali asanatsike pa Park Station ndi nsanja yaitali ya konkire imene inamangidwa pamwamba pa chitunda. Nsanjayo ndi Hillbrow Tower, yotalika mamita 269, imene inamalizidwa mu 1971, ndipo m'munsi mwake muli dera la nyumba zosanja zothithikana limene dzina lake limadziwika ngakhale kwa anthu amene sanapondeko phazi ku Joni. Kalembera wa mu 2011 anapeza kuti ku Hillbrow kunkakhala anthu oposa 74,000 pa malo ongopitirira pang'ono sikweya kilomita imodzi, malo amene munthu woyenda wapansi angawadutse m'mphindi 20. Tikafuna kumvetsa kuchuluka kumeneku, tikumbukire kuti mzinda wonse wa Zomba unali ndi anthu pafupifupi 105,000 pa kalembera wa mu 2018, ndiponso kuti m'Malawi, dziko limene timadandaula kuti malo anatha, munali anthu 186 pa sikweya kilomita iliyonse. Komanso chiwerengero cha ku Hillbrow chiyenera kuti n'chochepa poyerekeza ndi chenicheni, pakuti munthu wopanda mapepala samathamangira kutsegula chitseko akamva kuti wogogodayo watumidwa ndi boma.

Dzina la Hillbrow likatchulidwa, ambiri amaganiza za umbava, mankhwala osokoneza bongo ndi nyumba zakugwa, ndipo pali nzika zambiri za South Africa zimene zimanena motsimikiza kuti obwera ndiwo anawononga malowa. Mbiri ya derali siigwirizana ndi maganizo amenewo. Kuyambira pamene nyumba zosanjazi zinamangidwa, Hillbrow wakhala malo ofikirapo alendo, ndipo chimene chakhala chikusintha ndi mtundu wa alendowo, ndalama zimene ali nazo m'thumba, komanso ngati lamulo likuwavomereza kukhalapo kapena ayi.

Johannesburg anayamba mu 1886 chifukwa cha golide, ndipo Hillbrow anadulidwa mapuloti m'zaka za m'ma 1890 ngati dera la nyumba zapansi za azungu. Zinthu zinasintha mu 1946 pamene khonsolo ya mzinda inamasula malamulo oletsa kumanga nyumba zazitali, kotero kuti m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 nyumba zapansizo zinagwetsedwa imodziimodzi, m'malo mwake mukumera nyumba za nsanjika 10, 15 ndi kupitirira. Mafulati ambiri amene anamangidwa nthawi imeneyo anali aang'ono, a chipinda chimodzi kapena ziwiri, chifukwa omangawo ankaganizira mbeta ndi anyamata osakwatira ogwira ntchito m'maofesi a m'tauni, mabanja ongoyamba kumene, ndi azungu amene ankafika kuchokera ku Greece, Italy, Portugal, Germany ndi Britain. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga, chifukwa mipope ya madzi, zimbudzi, mawaya a magetsi ndi zikepe za m'nyumbazi zinakonzedwa kuti zizitumikira munthu mmodzi kapena awiri pa fulati iliyonse. Pansi pa lamulo logawa malo okhala motengera khungu, la mu 1950, derali linali la azungu okha. Anthu akuda ankakhalamo ndithu, koma ngati antchito ogona m'tizipinda ta padenga, ndipo mu 1955 boma linaika lamulo lochepetsa chiwerengero chawo kuti asamapitirire asanu pa nyumba iliyonse.

Chizindikiro cha nyengo imeneyo ndi Ponte City, nyumba yozungulira ngati nkhokwe, ya nsanjika 54, yokhala ndi mphako pakati kuchokera pansi mpaka kumwamba, imene inamalizidwa mu 1975 ku Berea, moyandikana ndi Hillbrow. Inamangidwira anthu opeza bwino, koma inangotsegulidwa pamene nyengoyo inali kutha.

Mu June 1976 ana asukulu a ku Soweto anaukira boma la tsankho, chuma cha dziko chinali chitayamba kale kugwedezeka, ndipo azungu ambiri a ku Hillbrow anabwerera kwawo ku Ulaya kapena kusamukira kumadera a kumpoto kwa mzinda kumene ankatha kugula nyumba zokhala ndi bwalo. Mafulati anayamba kukhala opanda anthu pa nthawi imene ku Lenasia, kumene amwenye anakankhidwirako, ku Eldorado Park kwa makaladi, ndi ku Soweto kwa akuda, mabanja ankadikira nyumba kwa zaka zambiri. Eni nyumba ankafuna lendi, osowa pokhala ankafuna denga, ndipo lamulo linangotsala papepala. Oyamba kulowa anali amwenye ndi makaladi, nthawi zambiri kudzera mwa mzungu amene ankasaina pangano la lendi m'dzina lake. Apolisi ankagwira anthu n'kuwatengera kukhothi, koma mu 1982 woweruza Richard Goldstone, pa mlandu wa mayi wina wachimwenye wa ku Mayfair, anagamula kuti munthu asatulutsidwe m'nyumba popanda khothi kuona ngati ali ndi kwina kopita, ndipo popeza kopitako kunalibe, milandu yotere inazilala. Mu 1986 malamulo a ziphaso oletsa akuda kulowa m'mizinda anathetsedwa, akuda anayamba kufika ambiri, ndipo pamene lamulo logawa malo linkafafanizidwa mu 1991, Hillbrow anali atasintha kale nkhope.

Apa ndi pamene panayambira vuto limene anthu amaliona lero. Munthu wokhala m'nyumba mosemphana ndi lamulo alibe kodandaula. Eni nyumba ambiri anazindikira zimenezi, ndipo ankalipiritsa anthu akuda lendi yokwera kuposa imene ankalipiritsa azungu, uku akuleka kukonza zowonongeka, podziwa kuti wolowa mozemba sangapite kukadzinenera yekha kuboma. Munthu wolandira malipiro ochepa akapatsidwa lendi yoposa mphamvu zake, njira yomwe imamutsalira ndi kuitana m'bale kapena mnzake kuti agawane, ndipo fulati ya munthu mmodzi imasanduka ya anthu anayi, kenako asanu ndi atatu. Panalinso lamulo la mu 1971 limene linalola kuti nyumba imodzi yosanja izigulitsidwa fulati ndi fulati kwa eni osiyanasiyana, amene amayenera kusonkha ndalama mwezi ndi mwezi zolipirira madzi, magetsi a m'makonde, alonda ndi chikepe. Mabanki atayamba kukana kupereka ngongole zogulira nyumba m'derali, mitengo ya mafulati inagwa, eni ake amene anali atasamuka kale analeka kusonkha, ngongole za kukhonsolo zinaunjikana, ndipo khonsolo inayamba kudula madzi ndi magetsi. Zonsezi zinayamba m'zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, anthu ochokera m'mayiko ena a mu Africa asanayambe kufika mwaunyinji. Makampani nawo ankachoka pakati pa mzinda, mpaka msika wa masheya wa Johannesburg unasamukira ku Sandton mu 2000.

Kuti munthu aone mmene anthu 74,000 amakwanira pa kamalo kotere, ayenera kulowa m'fulati imodzi. Wosaina pangano ndi mwini nyumba ndi mmodzi, ndipo kawirikawiri amagona m'chipinda chogona pamodzi ndi banja lake. Pabalaza pamamangidwa waya kuchokera khoma lina kufika lina, n'kupachikapo makatani kapena mabulangete, ndipo pamatuluka timagawo tiwiri kapena titatu, kalikonse kokwana bedi limodzi, chikwama pansi pa bedi, ndi kasitovu ka magetsi pamwamba pa kireti. Khonde lakunja, limene linamangidwa kuti mzungu azipumirapo mphepo madzulo, limatchingidwa ndi mabolodi n'kukhala chipinda. Pali ngakhale anthu ogawana bedi limodzi mosinthana, mlonda wa usiku akugona masana, wogwira ntchito m'sitolo akugona usiku. Malo oterewa amalengezedwa pa timapepala tolembedwa pamanja, tomatidwa pamakoma a masitolo ndi pamapolo a magetsi, tonena kuti pali chipinda, khonde kapena malo a pabalaza, n'kuwonjezera kuti pakufunika mkazi yekha, kapena munthu wopemphera, kapena wosamwa mowa, kapena wopanda ana. Kumapeto kwa mwezi anthu amaunjikana patsogolo pa makomawo akuwerenga, foni ili m'manja, pomwe magalimoto ang'onoang'ono onyamula katundu akudikira m'mbali mwa msewu. M'mawa uliwonse anthu khumi amadikira bafa limodzi, ndipo mkangano wofala kwambiri m'nyumba zotere si wa mitundu ayi, koma wa yemwe wamaliza mayunitsi a magetsi.

Nanga anthuwa ndi ayani? Kalembera wa mu 2011 anasonyeza kuti anthu 98 pa 100 alionse a ku Hillbrow anali akuda, kutanthauza kuti m'zaka zosakwana 40 dera la azungu okhaokha linatembenukiratu. Chilankhulo chachikulu chinali Chizulu, chimene anthu oposa mmodzi mwa atatu alionse ankachitchula ngati chilankhulo cha kunyumba, ndipo chachiwiri chinali Chindebele, cha anthu pafupifupi 16 pa 100 alionse. Chiwerengero cha Chindebelechi n'chachikulu kwambiri poyerekeza ndi madera ena a mzindawu, ndipo chimamveka bwino tikakumbukira kuti anthu a ku Bulawayo ndi madera ena a Matabeleland ku Zimbabwe ndi ochuluka kwambiri ku Hillbrow. Chilankhulo chawo n'chofanana kwambiri ndi Chizulu, moti ena amangodzitchula Azulu kuti apewe mafunso, ndipo chifukwa cha ichi malire a mbadwa ndi wobwera m'derali ndi ovuta kuwalemba ndi cholembera. Chimene sitiyenera kuchiphonya n'chakuti nzika za South Africa zimene zili ku Hillbrow nazonso zambiri ndi alendo mumzindawu. Zinachokera ku KwaZulu-Natal, ku Limpopo ndi ku Eastern Cape, zili ndi kumudzi kumene zimatumiza ndalama ndi kumene zimapita pa Khirisimasi, ndipo pa nkhani ya kasungidwe ka ndalama ndi kagonedwe sizisiyana kwenikweni ndi munthu wa ku Mangochi kapena ku Mzimba.

Obwera ochokera kunja anafika m'magulu, gulu lililonse likukankhidwa ndi mavuto a kwawo. A ku Mozambique anathawa nkhondo imene inatha mu 1992 ndi umphawi umene inasiya. A ku Zaire, imene lero ndi Democratic Republic of Congo, anayamba kufika ulamuliro wa Mobutu ukugwedera, ndipo Chifalansa ndi Chilingala zinayamba kumveka m'makonde a Ponte ndi m'misewu ya ku Yeoville. A ku Nigeria anachuluka m'zaka za ulamuliro wa asilikali wa Sani Abacha, pakati pa 1993 ndi 1998. A ku Zimbabwe, amene analipo kale, anasefukira chuma cha dziko lawo chitagwa kuyambira mu 2000, makamaka cha m'ma 2008. Aliyense wofika amapita kumene kuli wakwawo, choncho si zachilendo kupeza nyumba imodzi yodzaza ndi anthu a dziko limodzi, nthawi zina a boma limodzi, ndipo mipingo yambirimbiri imene imapemphera m'masitolo akale ndi m'zipinda zapansi imagawikanso motsatira zilankhulo. Mpingo wa kwanu ndiwo umakupezera pogona, kukuuza kumene kuli ganyu, ndi kusonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi.

Amalawi ali ndi mbiri yaitali ndi Joni, koma mbiri imeneyo poyamba siinkadutsa pakati pa mzinda. Makolo athu amene ankapita kudzera ku Wenela, ndipo pambuyo pake ku Theba, ankatsikira m'makomboni a migodi, kumene pogona ndi chakudya zinali za kampani. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, Dr. Banda anaimitsa ulendowu, ndipo ngakhale unayambiranso mu 1977, unatheratu mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza HIV. Wopita ku Joni lero amapita payekha, amaloledwa masiku 30 pa pasipoti, ndipo palibe kampani imene imamudikira ndi bedi. Amalawi ambiri amapitirira kumadera ena, monga ku Mayfair ndi ku Fordsburg kumene Asilamu ambiri amapeza ntchito m'masitolo, kapena m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za mabwana kumene amagwira ntchito ya m'munda ndi ya m'nyumba. Komabe pakati pa mzinda pamakoka ambiri pa chifukwa chimodzi chosavuta kumva: wokhala ku Hillbrow amatha kuyenda wapansi kupita ku Park Station, kumalo okwerera matakisi a ku Noord Street, kuchipatala, ndi kumisewu kumene angayale malonda. Kwa munthu wolandira ndalama zochepa, ndalama ya thiransipoti yochokera kumakomboni akutali imatha kudya gawo lalikulu la malipiro, ndipo kugona kuseri kwa katani pafupi ndi ntchito kumakhala kotchipa kuposa chipinda chonse ku Orange Farm.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mwambiwu ukufotokoza bwino chikhalidwe cha derali. Anthu ambiri a ku Hillbrow ndi achinyamata ndi a msinkhu wogwira ntchito, pafupifupi onse ndi a lendi, ndipo ochepa okha ndi amene amaganiza zodzakalambira pamenepo. Amene zamuyendera amasamukira kudera labata, amene zamuvuta amasamukira kunyumba yotchipa, ndipo ambiri amasintha pogona kangapo pa chaka chimodzi. Ndalama imene ikanakonza pokhala imapita kukagula malata ndi simenti kumudzi. Sindikuona cholakwa pa zimenezi, pakuti munthu amamanga kumene adzaikidwe, koma zotsatira zake n'zakuti dera la anthu ochuluka chotere lili ndi mawu ochepa pa ndale za mzinda. Wobwera saponya voti, wopanda mapepala amaopa kudziwika, ndipo wa lendi amene akudziwa kuti achoka pakatha miyezi itatu sataya nthawi yake kukakhala pa msonkhano wokambirana za zinyalala.

Kungakhale kulakwitsa kuganiza kuti nyumba zonse za ku Hillbrow n'zofanana. Mu msewu umodzi mungapeze nyumba yopakidwa penti, ya mlonda pakhomo, ya chitseko chotsegulidwa ndi chidindo cha chala, ndi mita ya magetsi olipiriratu pa fulati iliyonse, itayandikana ndi nyumba ya mawindo osweka imene madzi onyansa akuchucha m'khoma. Bungwe la Johannesburg Housing Company, limene linakhazikitsidwa mu 1995, ndi makampani ena anagula nyumba zambiri n'kuzikonza, ndipo kuyambira mu 2004 ndondomeko ya eKhaya inagwirizanitsa eni nyumba ndi oyang'anira nyumba kuti azisamalira misewu ndi tinjira ta pakati pa nyumbazo. Ponte nayo, imene mphako yake inadzazapo zinyalala mpaka nsanjika zingapo ndipo panamveka maganizo oisandutsa ndende, inakonzedwa ndipo muli anthu a lendi. Koma nyumba zosamalidwazi zimasefa anthu. Zimafuna chiphaso chovomerezeka, umboni wa malipiro a mwezi ndi mwezi, ndi dipoziti, zinthu zimene wogulitsa tomato pamsewu kapena wa maganyu alibe, kaya ndi nzika kapena wobwera. Nyumba iliyonse yakugwa ikakonzedwa, amene ankakhalamo kawirikawiri sakwanitsa kubwereramo, ndipo amakadzaza nyumba yakugwa yotsatira.

Pansi penipeni pa makwerero amenewa pali nyumba zimene anthu amazitcha zolandidwa. Mwini wake anathawa ngongole, kapena anamwalira, kapena sadziwika kumene ali, ndipo pamabwera anthu ena, nthawi zina a mfuti, n'kuyamba kutolera lendi popanda kulipira kalikonse kukhonsolo. M'nyumba zina okhalamo amangodzisankhira komiti n'kumadziyang'anira okha. Madzi amatungidwa ndi zigubu pa mpope wa pamsewu n'kukwezedwa pa masitepe a mdima mpaka nsanjika ya 8, magetsi amakokedwa mozemba kapena palibiretu, ndipo kuphika ndi kuunikira kumadalira parafini ndi makandulo. Kutulutsa anthuwa si nkhani yapafupi. Gawo 26 la malamulo aakulu a dzikolo a mu 1996 limaletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khothi, ndipo khothi lalikulu loona za malamulowo, limene lili pa Constitution Hill, m'malire enieni a Hillbrow, pamalo pamene panali ndende imene Gandhi ndi Mandela anatsekeredwapo, linagamula mu 2008 pa mlandu wa nyumba ya ku Olivia Road ku Berea kuti khonsolo iyenera kukambirana moona mtima ndi okhalamo isanawachotse. Mu 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight, khothi lomwelo linawonjezera kuti khonsolo iyenera kupereka pogona pongoyembekezera kwa osauka ngakhale amene akuwatulutsayo ndi mwini nyumba wamba. Andale ena amadandaula kuti zigamulozi zinamanga manja khonsolo, koma kwa ine vuto lagona pakuti malo ongoyembekezerawo sanamangidwe okwanira.

Mtengo wa kuzengereza kumeneku unaoneka usiku wa pa 31 August 2023, pamene nyumba ya Usindiso pa 80 Albert Street ku Marshalltown, kum'mwera kwa Hillbrow, inapsa n'kupha anthu 76, ndipo pakati pa omwalirawo panali Amalawi ambiri. Nyumbayo inali ya khonsolo yeniyeniyo, ndipo pa nthawi ya tsankho inali ofesi yoperekera ziphaso kwa anthu akuda. M'kati mwake munali mutamangidwa tizisakasa ta matabwa ndi mabolodi, ndipo njira zothawira zinali zotchingidwa. Komiti yofufuza imene inatsogozedwa ndi woweruza wopuma Sisi Khampepe inapeza mu 2024 kuti khonsolo inkadziwa za kuopsa kwa nyumbayo koma siinachitepo kanthu.

Pamalo pamene anthu osauka a mitundu yambiri akulimbirana ntchito ndi pogona zochepa, mkwiyo suchedwa kugwera wobwera. Zipolowe za mu May 2008, zimene zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62 m'dziko lonse, zinafikanso pakati pa mzinda, ndipo mu 2022 gulu la Operation Dudula linaguba m'misewu ya Hillbrow likufuna kuti obwera achoke. Mawu onyoza akuti makwerekwere amamveka m'takisi ndi pamzere wa kuchipatala. Komabe masiku ambiri a pa chaka, mayi wa ku Limpopo amasiya mwana wake kwa mnansi wa ku Bulawayo, amakalukitsa tsitsi kwa mayi wa ku Congo, n'kugula buledi pa kasitolo ka mnyamata wa ku Ethiopia, ndipo zonsezi zimachitika m'Chizulu chosakanizika ndi Chingerezi chimene wobwera aliyense amachiphunzira msanga podziwa kuti lilime ndilo limamuulula.

Gulu limene likusintha kaonekedwe ka derali tsopano ndi ana. Mafulati amene anamangidwira anthu osakwatira ali ndi mabanja, ndipo sukulu za mkombaphala ndi sukulu zolipira zatsegulidwa m'nyumba zimene kale zinali maofesi ndi masitolo, zina pa nsanjika yachitatu, zopanda bwalo losewerera. M'mawa misewu ya Claim, Twist ndi Kotze imadzaza ndi ana a yunifolomu ogwidwa padzanja. Ambiri mwa iwo anabadwira pomwepo, amalankhula Chizulu ngati mbadwa, ndipo mudzi wa ku Mangochi, ku Tsholotsho kapena ku Lubumbashi umene makolo awo akumangako nyumba amaudziwa kudzera pa zithunzi za pa WhatsApp. Malamulo a South Africa sapereka unzika kwa mwana chifukwa chongobadwira m'dzikolo ngati makolo onse ndi obwera, choncho ena mwa anawa amafika pa mayeso omaliza a sekondale asanakhale ndi chiphaso cha dziko lililonse.